Mdala Wovulila Seva Nsapato

Ku ofesi ya kopaletivu ya alimi a fodya ku Mphamba kuli seva, kompyuta yaikulu yosunga maina a alimi onse, ndipo imamvela munthu mmodzi yekha: mdala wina amene kale ankakonza mawailesi pamsika wa Lundazi. Asanaigwile amavula nsapato, amazula pulagi kukhoma, kenako amasisita chitsulo cha bokosilo ngati akupeleka moni kwa apongozi. Amati thupi la munthu limasunga magetsi, ndipo magetsi safunsa kuti sukulu unalekela pati.

Tsiku lina a Haswell, bwana watsopano wochokela ku Lusaka, anabwela ndi khadi, kachipangizo kowonjezela m'sevamo, kofuna chingwe chakechake cha magetsi. Chingwecho anachiiwala ku Lusaka, ndiye anangotola china m'kabati, seva ili chiyakile.

"Onani adada, mano ake ndi ofanana, chilowa bwinobwino," anatelo.

Mdalayo anathimitsa makina, n'kuwalanda chingwecho. Anawaonetsa kuti mawaya achikasu ali pamalo pa akuda.

"Abwana, ngakhale mbava imalowa pakhomo bwinobwino."

Pofuna kumuchititsa manyazi, a Haswell anakachiyesa pa khadi lakale m'kompyuta yawo. Khadilo linapsa. Poona utsi wake, alimi amene anali pamzele panja anayesa kuti chigafa cha munthu chapsa. Chingwe chenicheni chinabwela pabasi Lachisanu, ndipo palibe dzina la mlimi limene linasowa.

Masiku ano a Haswell akamalowa m'chipinda cha seva amasiya nsapato pakhomo. Ukawafunsa amati kukutentha.