Timfundo ta pa Mizu ya a Njobvu

A Barnabas Njobvu anatuluka mu mgodi ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi khutu limodzi logontha. Anagwira zaka makumi atatu pansi pa nthaka ya Kitwe, kenaka anangolandira kalata yoti ntchito yatha. Anzawo ena anabwerera kumudzi, ena anakhazikika m'mabawa a m'komboni ya Chimwemwe mpaka imfa inawapeza komweko. Koma a Njobvu anagula khasu, napempha kamalo m'dambo la kuseri kwa komboni, n'kuyamba dimba la matimati.

Anali munthu wa ku Katete, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Ukangowapatsa moni, usanakhale n'komwe pansi, unali utamva kale za mtedza wa malemu bambo awo. Bambowo ndiwo anawaphunzitsa kuwerenga nthaka: zula mtedza, yang'ana mizu, ukaona timfundo tambiri dziwa kuti nthakayo ndi yanona. Pa mtedza mawuwa ndi oona, ndipo palibe mlimi wa kum'mawa angawatsutse.

Chaka chachiwiri cha dimba, a Njobvu anazula matimati okalamba napeza mizu yodzaza timfundo, ina yochita kutupa ngati zala za wodwala nyamakazi. Mtima wawo unadzaza chimwemwe. Kuyambira tsiku limenelo ankakumba dothi la pansi pa mizu yotereyi n'kumalituta kupita nalo ku nazale, kuti mbande zikulire pa nthaka ya mwanaalirenji. Mbandezo sankagulitsa. Ankagawira akhristu anzawo a m'chitente, kagulu ka Akatolika oyandikana nyumba, ndipo mbande iliyonse inkachoka ndi chibuma chake cha dothi. Munthu amene kumgodi ankamudziwa ndi nambala ya pachipewa tsopano ankatchedwa "ba ticha" dambo lonse, kutanthauza aphunzitsi. Dzina limeneli ankalikonda kuposa china chilichonse chimene anatsala nacho, pakuti mkazi anali atamwalira ndipo ana anali mbwee m'matauni ena.

Wophunzira wawo wokhulupirika anali mayi Harriet, wamasiye wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika, amene ankadyetsa nyumba yonse ndi mizere khumi ya matimati. Chimene a Njobvu anena, mayi Harriet ankachita osafunsa.

Ndiye matimati anayamba kufota. Uthirire m'mawa, dzuwa likangofika paliwombo masamba ali lende ngati sanaonepo madzi. Zipatso zinkatuluka zing'onozing'ono, zochititsa manyazi pamsika. Anthu ananena utsi wa kumgodi, ananena madzi a mumtsinje, ananena feteleza wabodza. A Njobvu ananena kuti nthaka yatopa, nawonjezera kugawa dothi lawo lija, tsopano m'matumba. Zaka zitatu zinatha motero, chilichonse choipa kuposa chinzake.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wovala jombo, atanyamula timapepala tapulasitiki. Dzina lake anali Catherine, wa kumalo ofufuza za ulimi, ndipo ankayenda madimba a ku Kitwe ndi Ndola kutenga dothi ndi mizu kuti akapime tizilombo. A Njobvu anamulandira ngati mwana wasukulu, namuzulira okha tsinde limodzi la matimati.

"Ona, mwana wanga," anatero. "Ku Katete tikaona ivi timavina. Doti yanona iyi."

Catherine anayang'anitsitsa mizuyo. Anatenga dothi la m'madimba onse, la pa nazale analitenga kawiri, natsazika mwaulemu.

Anabweranso patatha milungu iwiri, atanyamula tsinde la mtedza. Anapeza a Njobvu ali okha akuthirira, nayima kumbali ya khutu lomva.

"Ba tata, gwirani aka kamfundo ka pa nshawa, mukapekese na chala."

Anakapekesa, kanathothoka mosavuta, muzu n'kutsala bwinobwino. Kenaka Catherine anawapatsira muzu wa matimati.

"Manje yesani aka ka pa matimati."

Sikanathothoke. Sikanali kanthu komata pa muzu, unali muzu womwewo wotupa. Catherine anafotokoza pang'onopang'ono kuti mkatimo mumakhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timaboola muzu n'kuutupitsa mpaka madzi osakweranso. Patokha sitiyenda mtunda, anatero, mwina phazi limodzi kapena awiri pa chaka. Timayenda ndi anthu, m'dothi la pa khasu ndi la pa mbande.

"Mu dambo yonse tilimo," anatero mtsikanayo, maso ali pansi. "Koma pa nazale panu m'pamene tili maningi kupambana ponse."

A Njobvu anakhala pansi pa chidebe chothiririra. Kumgodi anaonapo denga likugwera anthu, koma pamenepo wolakwa ankakhala mwala. Apa manja amene anatuta matendawa khomo ndi khomo, mwini wake akumwetulira, anali awo. Anachita manyazi, manyazi enieni olasa mpaka m'mafupa, ndipo anakwiyira malemu bambo awo, kenaka anadzikwiyira okha chifukwa chokwiyira munthu amene sanawanamize.

Loweruka Catherine anaitanitsa alimi onse m'mphepete mwa dambo. Anawauza kuti matimati, impwa ndi therere zipume zaka zitatu m'madimba amenewo. Abzale chimanga, abzale maluwa achikasu onunkha aja amene tinyongolotsi timadana nawo, mizu yakale aitenthe, makasu azitsuka. Anthu anang'ung'udza, poti zaka zitatu si masewera kwa munthu wodya za lero lomwe. Koma mtsikanayo anali ndi ulemu: sanatchule dzina la munthu. A Njobvu anayamba kupuma bwino, naganiza kuti mwina nkhaniyi ingathe choncho, iwo n'kugwetsa nazale mwakachetechete.

Apo mayi Harriet anaimirira.

"Ife sitingalekeretu matimati, mayo," anauza Catherine. "Koma tili na mwayi. Kuli doti yabwino kwa ba ticha. Tiyeni tonse titengeko, tiyambe malo yatsopano kumtunda uko."

Anthu anavomera, ena mpaka kuwomba m'manja. Catherine anatembenukira kwa a Njobvu. Mkuluyo anadzuka movutikira, chifuwa chinawagwira kaye, ndipo chitawasiya anayankhula mokweza monga amachitira ogontha.

"Musatenge. Matenda yachokera kwa ine. Nenze kuyasankha na manja yanga, nenze kuganiza ni mafuta ya doti. Nakupatsani imwe monse."

Palibe anawatukwana, ndipo mwina kutukwanidwa kukanapepukako. Anthu anangotola makasu awo n'kumachoka mmodzimmodzi, akuyankhulana Chibemba chapansipansi. Wina podutsa anati, "Chifundo chinapha nkhwali," koma palibe anaseka.

Mayi Harriet anatsala. Anali chiimire pomwe paja, akupotokola nsonga ya chitenje. A Njobvu anawayandikira kuti apepese, mawu atawakonza kale, oti adzawalimira okha chimangacho ngakhale chifuwa chikane.

"Ba ticha," anatero mayiwo ndi mawu otsika, moti mkuluyo anachita kutembenuza khutu. "Mwana wanga Jemimah, uja ali ku Ndola, bamuna bake banamusiya. Anapeza kamalo ka dimba mwezi watha, pa dambo ya banthu bambiri. Ninamutumizira masaka yawiri ya doti yanu pa minibasi. Ninamuuza kuti agawireko na banzake."