Kabedi Kopanda Vuto

Mmisiri wina wa matabwa ankatchuka ndi timabedi ta makanda. Kabedi koyamba anakhomera mwana wake wamkazi, yemwe tsiku lina masana anagona ali bwinobwino, atayamwa n'kukhuta, koma osadzukanso.

Kuyambira pamenepo kabediko sikanapume. Zaka zinkapita iye akungokaphwasula, kuyeza thabwa lililonse, kununkhiza vanishi, n'kukalumikizanso.

"Bambo a mwana, mudzapenga nako," ankatero mkazi wake. Iye maso ali pa misomali.

Atamva kuti madokotala akufufuza za makanda omwalira ali m'tulo, anasenza kabediko mpaka kuchipatala.

"Mundipezere pomwe ndinalakwitsa," anatero.

Dokotala wina anamufunsa ngati mwanayo ankagona chagada kapena chafufumimba, ankafunda chiyani, ndiponso ngati m'nyumbamo wina ankasuta fodya. Kenako anakayang'anitsitsa kabediko.

"Bambo, kabedika kalibe vuto. Ana ena amatisiya chonchi ngakhale makolo atachita zonse bwino, ndipo chifukwa chake ifenso tikuchisakabe."

Dokotalayo ankayesa kuti wamutula katundu wolemera. Koma mmisiriyo anangokhala pansi, hamala ili m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

"Adokotala, mukanapezako vuto, bwenzi nditakonza."