Duku la amayi anga pamutu pa Conceição

Anzanga, Fredson ndinakumana naye mu shedi yogiredera fodya pa farm ina ku Darwendale, kuno ku Zimbabwe. Ine ndinkasankha masamba, iye ankanyamula mabelo. Tsiku loyamba anaima kumbuyo kwanga n'kuyamba kuyerekeza kayendedwe ka foromani, mimba patsogolo, mphuno m'mwamba. Shedi yonse inafa ndi phwete.

"Iwe, undichotsetsa ntchito," ndinatero.

"Akakuchotsa ndikulemba ine. Full time."

Basi, mtima unapita pomwepo...

Patatha chaka tinapatsana chikole, chimene anzathu Achishona amati nduma, pamaso pa tete Margret, mlongo wa bambo anga amene anandilera. Fredson anandipatsa shati yake yakutchalitchi. Ine ndinamupatsa duku lobiriwira la malemu amayi anga, lomwe agogo anabwera nalo kuchokera ku Ntcheu. Komboni yonse inkalidziwa dukulo, poti amayi sankapita pa ukwati kapena pa maliro osalivala.

Kenako kunabwera gulu la zisudzo, ena a ku Brazil, ena a ku Mozambique, ena a ku Germany. Anali ndi sewero lakalekale la ku Ulaya, la mwana wa mfumu wokonda msilikali wosauka, ndipo ankafuna kulisandutsa la pa farm. Mwana wa mfumu akhale mwana wa mwini munda, msilikali akhale wantchito wa m'komboni, ndipo aliyense aziyankhula chilankhulo chakwawo.

Mukuganiza anasankha ndani? Fredson wanga!

Wosewera naye anali Conceição, mtsikana wa ku Beira, wamtali, tsitsi loti silinaonepo fumbi la fodya. Ine nditangomuona, ndinayamba kumuchitira nsanje.

Ndinayamba kupita ku rehearsal, ati kukapereka mahewu. Ndinkaima pakhomo la shedi n'kumaonerera Conceição akumunong'oneza Chipwitikizi, Fredson akumuyankha m'Chichewa ndi mawu otsika aja amene ndinkayesa ndi anga ndekha.

"Amati chiyani?" ndinamufunsa tikupita kunyumba.

"Sindimva zonse, Lestina. Ndi script."

"Sukumva koma mano onse pamtunda?"

"Ndi acting, babe. Ine iwe wandikwanira."

Sindinakhutire ayi. Foni yake ndinaisecha kawiri, osapezamo kanthu, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Nsanje yanga inkafuna umboni.

Sewero linachitika Loweruka masana, mu shedi yomwe ija tinakumana. Kunadzaza anthu a mafamu oyandikana, ndi alendo a makamera amene anabwera pa kombi kuchokera ku Harare. Zoona zinenedwe, Fredson anasewera bwino. Ndinayamba kunyada.

Ndiye inafika mbali yotsanzikana. Fredson anapisa dzanja m'malaya, natulutsa nsalu yobiriwira, n'kuyamba kumumanga Conceição kumutu pang'onopang'ono.

Anzanga... duku la amayi anga.

"Maiwe!" mayi wina anatero kumbuyo kwanga. "Si nduma ya Lestina ija?"

"Yasintha mwini," anayankha mnzake.

Sindikudziwa kuti pamabenchi ndinadutsa bwanji. Ndinangozindikira ndili kutsogolo, duku lili m'manja mwanga, tsitsi lokongola lija lili balala.

"Ili ndi la amayi anga! Ukavale za kwanu ku Beira!"

Alendo aja anaomba m'manja mpaka kuimirira, ankayesa ndi mbali ya sewero. Koma anthu a m'komboni sanaombe nawo. Iwo ankadziwa chimene ndachita.

Tete Margret anandikokera panja.

"Mwanangu, chikole salanda pagulu. Chikabwerera m'manja mwako, chibwenzi wathetsa wekha."

"Tete, nanga iye? Mwaona zimene wachita?"

"Iyenso walakwa, inde. Tikanamuitana n'kumukhazika pansi. Pano tikambirana chiyani?"

Dzuwa lisanalowe Fredson anabwera kwathu. Anakana mpando.

"Director anati tisagule zinthu za m'sewero, aliyense abweretse chimene amachikonda kwambiri," anatero. "Ine ndinalibe china choposa dukulo."

"Bwanji sunandifunse?"

"Ukanalola?"

"Ayi!"

"Ndiye chifukwa chake." Anayang'ana pansi. "Wandivula pamaso pa amayi anga, Lestina. Ndipatse shati yanga."

Ndinalowa m'nyumba, ndinaitenga, ndinamuponyera. Ndinkayesa atembenuka asanafike pa mjigo. Sanatembenuke.

M'mawa mwake Conceição anabwera yekha. "Sister, sorry. Nobody told me," anatero, n'kundionetsa pa foni mwamuna wake ndi ana awo awiri. Ndikuuzeni zoona, ngakhale akupepesa choncho, ine ndinkangoyang'ana manja ake osalala n'kumadana nawo.

Lolemba gulu linanyamuka kupita ku Harare, kenako ku Maputo. Fredson anapita nawo.

Dzulo wina wanditumizira video ya sewero lawo. Agula duku lina lobiriwira. Pa mbali yotsanzikana ija, mtsikana wina wa ku Ruwa amadzuka pakati pa oonerera, amathamangira kutsogolo n'kulanda dukulo akukuwa m'Chichewa, "Ili ndi la amayi anga!"

Ndewu yanga ija director anaikonda, anaisunga m'sewero. Akuti ndi pamene anthu amaombera m'manja kwambiri.

Ndiye pano ndili ndi anthu awiri owachitira nsanje, Conceição ndi mtsikana amene akusewera ine. Iye akalanda duku, sewero likatha amagwirana manja ndi Fredson n'kuwerama limodzi. Ine ndinalanda kamodzi kokha, ndipo mpaka lero Fredson foni yanga sayankha.

Anzanga, mukakwiya, funsani kaye muli awiri. Duku ndili nalo mu sutikesi. Ndalichapa katatu, koma likununkhirabe perfume wa ku Beira.