Zimene Tinawabisira Achemwali

Ndalemba nkhaniyi chifukwa kwathu ku Ligowe anthu amanena kuti achemwali anga anamwalira mumtendere, ndipo ine ndatopa ndi kuvomera. Zimveke poyamba pomwe kuti sindikudzudzula boma. Ndikudzudzula ife eni ake, kuyambira ine ndemwe.

Achemwali anayamba kufooka m'nyengo ya manachesi. Nkhama zawo zinkatuluka magazi, ndipo pakhungu pankaoneka madontho akuda asanagundidwe ndi kanthu. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawatumiza ku Neno, a ku Neno nawo anawatumiza ku Blantyre. Mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu anatsala kumudzi. Amayi ndiwo anapita kukadwazika matendawo. Ankagona pansi pambali pa bedi, kuchapa nsalu zamagazi ndi kuphika phala kumalo a odwazika.

Ine ndinafika titatsekera ku koleji. Dokotala atazindikira kuti ndimamva Chingerezi, analankhula nane achemwali ali pakati pathu, ngati pabedipo pagona chipika. Anati ndi khansa ya m'magazi. Anawonjezera kuti kumaiko akutali amatenga mafuta a m'mafupa a mbale wa bere limodzi n'kuwaika mwa wodwala, ndipo ena amachira, koma kuno zimenezo kulibe. Mbale wa bere limodziyo ndinali ine. Ndinaima pamenepo ndi mafupa anga athunthu, opanda ntchito.

Kwathu nkhani yaikulu imayamba yafika kwa mwini mbumba. Choncho ndinakwera basi mpaka pa Zalewa, kenako matola, kukawauza amalume. Ndinawapeza akusema mpini.

"Wauza yani?" anandifunsa.

"Palibe, amalume."

"Wachita bwino. Wodwala sauzidwa za imfa, angafe ndi mtima. Amako nawonso usawauze. Angalire pamaso pake, anthu n'kumati akuitana maliro. Ku kolejiko zimenezi sakuphunzitsani, eti?"

"Nanga akandifunsa?"

"Uziti magazi achepa, basi. Kodi ndi bodza?"

Nditabwerera kuchipatala, achemwali anandikola dzanja.

"Bwana wa Chingerezi, tatiuzaniko. Tsiku lija mumakambirana chiyani pamutu panga?"

"Akuti magazi achepa."

"Achepa? Mabotolo onse a magazi akundiika aja akupita kuti? Ndine ndowa yobooka?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatsitsa mawu. "Iwe, ngati n'zosachira undiuze, ndipite ndikaone mwana wanga. Ngati n'zochira ndipirira."

"Pirirani, achemwali," ndinayankha.

Iwo anapiriradi. Koma amene ananyamula bodza langa tsiku ndi tsiku anali amayi. Popeza anauzidwa kuti matenda ndi ochizika, thupi la achemwali likatentha ankadziimba okha mlandu. Ankati mwina phala linali lamadzi, mwina anachedwa kuwafunda. Anasiya kudya kuti chakudya chonse chizipita kwa wodwala. Atafunsa anamwino, anayankhidwa kuti, "Funsani mwana wanu wophunzirayo." Anandifunsadi, ndipo ndinabwereza mawu a amalume. Abale ndi a kumpingo ankabwera ndi nthochi, n'kuuza achemwali kuti akuoneka bwino. Kwa amayi ankangoti, "Limbikani, mayi." Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsa ngati akugona tulo, kapena amene anawalandira ntchito tsiku limodzi lokha kuti akalire kuseri.

Achemwali anamwalira m'mawa wina, amayi atapita kukachapa. Mwana wa achemwali uja anadzaona bokosi lokha.

Titameta maliro, ndinalephera kusunganso chinsinsicho. Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu.

"Ndinamubereka ine," anatero. "Ndamusambitsa ali mayi wamkulu. Iwe ndi amalume ako munaona kuti mawu okhawo ndiwo sindingathe kusenza? Ndikanamutengera kumsana mpaka kuno, adzafere pamphasa pake, mwana wake ali pambali."

Amalume mpaka lero amati tinawachitira chifundo. Chifundo chotani chimene chimauza chilichonse mwamuna amene ali kumudzi akusema mpini, n'kubisira mkazi amene akuchapa magazi? Achemwali anafunsa funso lomveka bwino, m'chinenero chawo, ali ndi nzeru zawo zonse. Tinawalanda chinthu chimodzi chimene chinali chikadali m'manja mwawo, ndicho kusankha kokafera. Sitinatero pofuna kuteteza mtima wawo ayi. Tinkaopa kuona nkhope zawo atamva, ndipo mantha athuwo tinawatcha mwambo. Ine ndinkanyadira kuti ndikumasulira mawu a dokotala, koma pa mawu onsewo palibe amene ndinawafikitsa kwa eni ake.

Ine si wa zachipatala. Ngati ndalakwitsa pofotokoza matendawa, kapena ngati pena Chichewa changa chapotoka, ndikupempha owerenga odziwa kuti andilembere, ndikonze. Ndikupemphanso aliyense amene anadwazikapo matenda otere, ndipo anauzidwa zoona, andiuze mmene zinathera, pakuti mbali imeneyo ine sindiidziwa.