Khomo la apongozi

Sukulu ndinaisiya mu oitava, kalasi yachisanu ndi chitatu, ndipo musandifunse chifukwa. Miyezi isanu ndinkangokhala pa malire a Milange, kulimbirana matumba a nyemba ndi zimphona zondiposa mphamvu. Tsiku lina bambo wina wamfupi, wa pensulo kukhutu, anandisenzetsa thumba la simenti. Nditatula anandiyang'ana m'manja n'kunena kuti, "Mawa sikisi koloko. Ukachedwa usabwere." Amenewo anali a Mesitire Albino, mmisiri womanga nyumba. Ndi mmene ndinalowera ntchito yomanga.

Nyumba yomwe tinkagwirapo inali ya Dona Rosalina, mayi wamasiye. Amuna awo anaimanga atabwerako ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, njerwa zowotcha okha, zipinda khumi, poganiza kuti ana onse adzakhala pakhomo. Ana anabalalika, wina ku Mocuba, wina ku Quelimane. Anatsala Fátima yekha ndi mwamuna wake, a Jaime, a kabaza wa njinga yamoto. Choncho mayiwo anaganiza zoigawa: mbali ziwiri za alendi, mbali imodzi ya banja la Fátima, iwowo n'kutsala m'chipinda chawo chakumbuyo.

Kugawa nyumba n'kovuta kuposa kumanga yatsopano. Pobowola khomo suyambira pansi. Umagoba pamwamba ndi tchizulo ndi hamala, kuika linta yochirikiza khoma pamwamba pa khomo, kudikira iume, kenako kuchotsa njerwa imodziimodzi. Potseka khomo lakale umazula felemu, kugoba mano m'mbali kuti njerwa zatsopano zilumane ndi zakale, kunyowetsa, kukoka chingwe, ndipo mzere uliwonse kuikapo levulo yoonera ngati wawongoka. Ine zonsezi zinkandichedwetsa. A Mesitire ankangoti, "Devagar, Zito, pang'onopang'ono. Khoma silithawa."

Komabe masiku amenewo ndimawasowa. Wailesi yopachika pamsomali, fungo la simenti yonyowa, chinangwa chophika chimene Dona ankatibweretsera teni koloko. Kusukulu ankanditcha mbuli. Kuno, sabata yachitatu, munthu anandipatsa mpeni womangira m'manja n'kutembenuka kukachita zina.

Tsiku lovutalo a Mesitire anawoloka kupita ku Muloza kukagula mahinjesi. Anandisiyira makomo awiri amene anawalemba mtanda ndi khala. "Utseke awa," anatero. Ndinamaliza dzuwa lisanafike pamutu, koma matope a simenti anatsala theka la wilibala. Kumbuyo kwa chipinda cha Dona kunali kakhomo kena kakang'ono, kachitseko kofumbwa, koyang'ana ku mtengo wa mango. Mtanda panalibe. Ndinati amdala aja aiwala. Chipinda chimodzi makomo awiri, za chiyani? Lam'kati lotulukira m'kolido mpaka pakhonde lakumaso linali lokwanira. Ndinazula felemu, ndinagoba mano, ndinamanga. Ndinene zoona, mpaka lero sindinamangeponso khoma lowongoka ngati limene lija.

Cha m'ma thuu mvula inatsika kuchokera kuphiri. A Jaime anakankhira njinga yawo pakhonde lakumaso n'kuyamba kumasula tcheni. Ndikutsuka fosholo kumbuyo, ndinaona Dona Rosalina ataima pansi pa mango, khasu paphewa, masamba a chinangwa pamutu. Ankayang'ana khoma langa.

"Mayi, mukunyowa. Zungulirani kumaso," ndinatero.

"Mwanangu," anayankha motsitsa, "khomo langa lapita kuti?"

"Ndatseka. Lakumaso lilipo."

"Kumaso kuli akamwini."

Ndinaseka, ine chitsiru. Mwambo woti apongozi ndi mkamwini sakumana maso ndinkaudziwa, koma ndinkati ndi za kumudzi, za ku Molumbo uko. Mayiwo sanasunthe. Madzi ankatsika m'chitenje mpaka m'mapazi. Ndinathamanga kukauza a Jaime kuti apongozi awo ali pamvula. Munthu wamkulu uja anataya sipanala, n'kudumpha kuchoka pakhonde, n'kukaima kuseri kwa mpanda wa aneba. Koma Dona anakanabe kudutsa pakhonde pomwe panali njinga, jekete ndi nsapato za mkamwini. Nyumba ya zipinda khumi inali pululu, eni ake awiri ali pamvula chifukwa cha ine.

A Mesitire anatipeza choncho. Sanakalipe. Anavula jekete n'kuwafunditsa mayiwo, kenako anandifunsa, "Mtanda unauona?"

"Simenti inatsala."

"Ndiye ikatsalanso udzatseka chimbudzi?"

Anandipatsa tchizulo. "Imodziimodzi. Ukaswa njerwa, mawa ukanyamule nyemba." Ndinagumula khoma langa ndekha, mvula ikundimenya pamsana, kupala njerwa iliyonse n'kuisanja pambali. Mpata utakwanira, Dona anawerama n'kulowa. Ali m'kati anandiuza kuti khomo limenelo anabowola ndi amuna awo, sabata imene Fátima anakwatiwa. "Anati ndisamavutike m'nyumba mwanga," anatero. Mawa lake, teni koloko, chinangwa chinabwera ngati kale. Changa chinali chachikulu. Chimenecho chinandiwawa kuposa mawu a Mesitire.

Tinabwezeretsa felemu, n'kuika chitseko chatsopano ndi mahinjesi a ku Muloza aja.

Chaka chatha ndinadutsa kumeneko. Dona anamwalira, m'chipinda chawo mukukhala mlendi wogulitsa zitenje, ndipo kakhomo kaja wina anakatseka. Khoma lake lopotoka, mano sanagobe, mng'alu ukuoneka munthu ali patali. Ndinaima pansi pa mango kanthawi, manja akundiyabwa kuti ndiligumule.

Kuleza mtima sindinaphunzire, ndisaname. Koma ndagawa nyumba zingapo tsopano, ndipo ndisanaike njerwa pakhomo lililonse ndimayamba ndafunsa eni ake kuti amatulukira apa ndani, ndipo amakhala akuthawa ndani.