Makutu ndi Galimoto ya Mipando Iwiri

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, Makutu sanamve n'komwe kuti wachotsedwa. Bwana wake anayankhula atayang'ana kumbali, monga achitira anthu ponena zinthu zowachititsa manyazi, ndipo Makutu anangogwedeza mutu n'kubwerera kumawaya ake. Anachita kumulondola mnzake wina, kumugwira paphewa, n'kumulozera kuchipata.

Inu amene mukuwerenga mutagwa mphwayi, khalani pansi ndikuuzeni za munthu ameneyu.

Dzina lakuti Makutu silinali lachipongwe. Anamupatsa ndi anzake pamalo oikira mawailesi m'magalimoto, chifukwa akangokhala pampando n'kutsegula nyimbo, ankadziwa sipika imene yang'ambika, waya amene walumikizidwa mozondoka, ngakhale kasikuluwu kamene kakhwepa mkati mwa chitseko. Ena ankayeza ndi zipangizo, iye ankangopendeketsa mutu. Kenako kunabwera matenda oumitsa khosi. Anachira, koma khutu lamanja linaferatu, lamanzere n'kutsala ndi kampata kochepa kolowera mawu. Anabisa, poganiza kuti manja azikumbukira zimene makutu aiwala. Chinsinsicho chinaululika kasitomala wina atabweza galimoto imene masipika ake a mbali imodzi anali zii, chonsecho Makutu anali atamutsimikizira kuti zonse zili bwino.

Ntchito inapita, koma dzina linakakamira, ndipo tsopano linkamubaya aliyense akamuitana.

Kunyumba analetsa nyimbo. Wailesi ya pabalaza anaikweza pamwamba pa kabati, makaseti akale anauza mkazi wake kuti akataye. Mayiyo anali telala wokonda kung'ung'udza nyimbo akamapalasa makina, koma naye anasiya. Sanakangane naye, anangosiya, ndipo m'nyumbamo munatsala kulira kwa makina okha.

Chowawa n'chakuti banja lawo linabadwira m'nyimbo. Kale, mkazi wakeyo ali mtsikana wosoka pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi pantchito pake, Makutu akamaliza galimoto ankamukodola kuti adzamuthandize kuyesa wailesi. Thandizo lanji, poti khutu lake linkamva ndi nyerere yomwe? Ankakhala awiri m'galimoto ya eni ake, zitseko zotseka, n'kuika kaseti yawo imodzimodzi yomweyo, ya nyimbo ya munthu wodikira sitima imene yachedwa. Anayenda maulendo ambirimbiri m'magalimoto apamwamba osasuntha ngakhale phazi limodzi.

Mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, anali ndi galaja. Anamutenga chifukwa cha chibale, n'kumupatsa tsache ndi beseni lotsukiramo zitsulo. Munthu amene anthu ankamudikira pamzere tsopano ankasesa mafuta otayika, ndipo galimoto ikabwera ndi vuto la wailesi ankapita kuseri kukatsuka zinthu zotsuka kale.

Mmawa wina panafika galimoto yofiira ya mipando iwiri, yotsika ngati ikununkhiza msewu, ya denga lansalu lopinda. Inali yakale ndithu, penti itazilala pamphuno, koma injini yake inkamveka ndi m'mapazi momwe. Munatuluka mkulu wa imvi, dokotala wa ziweto wopuma pantchito, amene anabwera kudzakonzetsa mabuleki. Mlamu uja atamuyankhula, mkuluyo anapendeketsa mutu n'kuika dzanja kukhutu. Makutu anauzindikira mpendekero umenewo, poti unali wake womwe.

Anayamba kucheza. Mkuluyo ankamvera lamanja, Makutu lamanzere, choncho anaima moyandikana phewa ndi phewa, onse atayang'ana kutsogolo ngati anthu odikira basi. Amakaniko anaseka mpaka kugwira nthiti, koma awiriwo sanamve, ndiye zinawakhalira bwino.

Mkuluyo anatsegula buti. Munadzaza chibokosi cha sipika yaikulu ngati mbale yosambira.

“Kulikonse kumene ndapita, akaona kuti sindikumva amangowonjezera phokoso,” anatero mkuluyo. “Galimoto imanjenjemera, agalu amathawa, koma chimene woimba akunena sindichimva. Galimoto iyi tinagula ndi malemu mkazi wanga, mayi anu, tili achinyamata. Iwo anapita, makaseti awo anatsala. Ine ndikufuna mawu, mwana wanga, osati mabingu.”

Makutu anayang'ana dashibodi yamatabwa ija, imene wina anaiboola n'kulowetsamo wailesi yamagetsi ophethiraphethira, yosayenerana ndi galimotoyo ngati nkhalamba yovala kabudula wa mwana. Zala zake zinayamba kuyabwa. Mkuluyo atachoka, Makutu anapita kwa mlamu wake.

“Alamu, ndiloleni ndiigwire.”

Mlamuyo anapukuta manja pansanza kwa nthawi yaitali. “Alamu, ndimakulemekezani, koma munthu wosamva kuika wailesi? Mawa mundiuza kuti mukufuna kuimbitsa kwaya.” Ataona kuti mnzakeyo sakuseka, anafewa. “Chabwino, ndiwauza a Dokotala. Koma ikakanika, tsache likukudikirani, ndipo nkhani ya mawaya ithere pomwepo. Sindikufuna mudzaswekenso mtima kachiwiri, mlongo wanga ndi amene amavutika.”

Makutu anavomera. Ankadziwa kuti uwu ndi mwayi wake womaliza wobwerera kuntchito ya manja ake.

Anachotsa chibokosi chija. Pansi pake, pakona ya buti, anapeza wailesi yoyambirira ya galimotoyo itakulungidwa m'nsalu, ya timabatani tiwiri tozungulira ndi kakamwa kolowetsera kaseti. Anaiphwasula, kuipukuta, kusintha lamba wake wamkati amene anali atafumbutuka, n'kuibwezera pamalo pake. Chokuzira mawu chatsopano anachibisa kuseri kwa dashibodi kuti chisaoneke. M'zitseko anaikamo masipika atsopano, ndipo poti sakanamva kugwedera kwa malata, ankayendetsa nsonga za zala pachitseko nyimbo ikulira, pamene panjenjemera n'kumatapo labala. Sanapemphe thandizo kwa aliyense, chifukwa kunyada kunali kusanamuchoke.

Mkuluyo atabwera n'kuona wailesi yakale ija, anaisisita ngati nkhope ya munthu. Galimoto ili chiimire, anamva pang'ono. Koma atalowa mumsewu, mphepo ndi injini zinameza zonse. Anabwerera mwamsanga.

“Mwayesetsa, mwana wanga,” anatero, akumugwira dzanja. “Mwina vuto ndi ineyo.”

Pali mawu ena okoma amene amapweteka kuposa kutukwana. Tsache lija linali litatsamira pakhoma pomwepo, poonekera. Mwayi unali wakuti zitsulo za mabuleki zinali zisanafike zonse, choncho galimotoyo inatsalabe pagalaja.

Mmawa wotsatira Makutu anakhala pamphepete pa bedi, nsapato zili m'manja, mphamvu yozivalira palibe. Mkazi wake anabwera monga mwa masiku onse, kukhala kumanzere kwake, kutsamira chifuwa chake paphewa la mwamunayo, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu.

“Tiyi akuzizira, bambo.”

Ananena motsitsa, koma Makutu anamva liwu lililonse. Anamvanso mawuwo akunjenjemera paphewa pake. Anthu onse ankamukalipira kuti amve, ndipo ankangomva phokoso. Mayi uyu yekha sanakwezepo mawu chiyambire matenda aja. Ankangosendera pafupi n'kumukhudza. Nanga iye, amene ankalidziwa vutoli kuposa mmisiri wina aliyense, bwanji anaika masipika kumapazi kwa munthu wosamva?

Anatembenuka n'kumuyang'ana mkazi wakeyo. Mawu amene ankafuna kunena anali olemera, poti anali asanapemphepo munthu chinthu chimenechi.

“Mayi, mundibwerekeko makutu anu. Ndi singano yanu yomwe.”

“Makutu angawa achita dzimbiri, paja nyimbo munaletsa,” anatero mayiyo. Koma anali ataimirira kale, akufunafuna lumo lake.

Anagwira ntchitoyo awiri. Mayiyo anasomola mosamala chikopa cha zotsamira mutu za mipando yonse iwiri, Makutu n'kuikamo timasipika ting'onoting'ono, kena mbali ino kena mbali inayo, pafupi penipeni ndi makutu. Kunsi kwa mpando uliwonse anamangirirako kachipangizo kosatulutsa mawu, kongogwedeza, kuti ng'oma ndi besi zizifika kumsana. Sizinatheke tsiku limodzi. Poyamba siponji inkatsekereza mawu. Kenako fyuzi inapsa, ndipo mpando unkagwedezeka mopitirira mpaka mayiyo anati mano ake akuwombana. Mayiyo ankakhala pampando n'kumapereka chigamulo mopanda chisoni.

“Woimbayo ali m'chitini. Mutulutsenimo.”

Makutu ankapotokola timabatani, mayiyo n'kukweza kapena kutsitsa dzanja. Akafuna kutaya mtima, mkazi wakeyo ankasendera kukhutu kwake n'kumukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza mayiyo anaboola timabowo tosaoneka bwino pachikopa n'kusokanso mwaluso, moti sukanadziwa kuti panadutsa singano. Tsiku limenelo sanakweze dzanja kapena kulitsitsa. Anangotsinzina, milomo yake n'kuyamba kuyenda.

Mkuluyo atabwera, anakhala pampando mosayembekezera zambiri, kulowetsa kaseti ya malemu mkazi wake, n'kunyamuka denga litapindidwa. Anapita, osabwerera. Dzuwa linasuntha. Makutu anayenda uku ndi uku pakhomo la galaja, mtima uli m'mwamba, mpaka mlamu wake anayamba kudandaula kuti mwina mabuleki aja ndiwo avuta.

Amakaniko ndi amene anayamba kumva. Galimoto yofiira inakhota pakona, ndipo mkati mwake nkhalamba inkaimba mokweza, mawu osalongosoka ngati a mbuzi yomangidwa, misozi ili mbwembwembwe mpaka m'ndevu. Ataima, sanatsike msanga. Anadikira nyimbo ithe.

“Pali ndime ina ndinaiiwaliratu,” anatero ataima phewa ndi phewa ndi Makutu. “Pamenepo mayi anu ankandimenya pabondo kuti ndichepetse liwiro amve bwino. Lero ndachepetsa ndekha.”

Kenako anatenga dzanja la Makutu n'kuikamo makiyi.

“Wailesi ya pamsewu sayesera pagalaja, amisiri. Mipandoyi ndi iwiri.”

Makutu anazengereza, koma mkazi wake anali atakhala kale kumpando winawo, chikwama chili pamiyendo. Atatuluka m'tauni n'kufika pamsewu wa mitengo mbali zonse, mayiyo anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kaseti yachikale, pepala lake litafiira. Inali ija anamuuza kuti akataye.

“Ndinaiwala kumene kuli dzala,” anatero.

Anailowetsa. Ng'oma zinayambira kumsana kwa Makutu, kenako pafupi ndi khutu lake lamanzere munthu uja anayamba kudandaula za sitima yake yochedwa. Sanamve zonse, ndisakunamizeni. Khutu lakufa silinadzuke, ndipo magitala ena anatsalira kwinakwake. Koma mawu anawamva, ndipo atacheuka anaona mkazi wake akuimba, mphepo ikukupiza mpango wake, monga ankaimbira ali mtsikana. Makutu analira, osabisa. Pa maulendo awo onse a m'magalimoto a eni ake, uwu unali woyamba kuti matayala azungulire.

Mkulu uja sanasunge chinsinsi. Anauza anzake opuma pantchito, anzakewo n'kuuzanso ena, ndipo panayamba kufika anthu amene makutu awo anatha ndi ukalamba, ndi makina a m'mafakitale, kapena ndi matenda. Ambiri anali atasiya nyimbo kalekale poganiza kuti sizawonso. Lero Makutu ali ndi chipinda chake pambali pa galaja, pakona pali makina osokera, ndipo wailesi ya pabalaza inatsika pakabati. Tsache lija akusesera ndi mlamu mwiniwake, akung'ung'udza kuti anataya wantchito wabwino. Dzina lakuti Makutu likadalipo, ndipo mwini wake amaliyankha mokondwa, malinga muitanire kumanzere.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Makutu anadziwa chinthu chimene amisiri akumva bwino sakanachidziwa, ndipo anachiphunzira pabala lake lomwe. Mwina inunso chilipo chimene chinakuchokerani, ndipo mwakweza wailesi yanu pamwamba pa kabati n'kuletsa nyimbo m'nyumba. Chimene chinapita mwina sichibwerera, koma yang'anani bwino chimene chatsala, ndipo musachite manyazi kubwereka makutu kwa amene ali pambali panu. Itsitseni wailesiyo. Osataya mtima, nyimbo yanu sinathe.