Amayi Ako a Pakhoma

Ine hatchi ndinayamba kuiona ndi maso nditafika kale ku Dudley, kuno kudziko la azungu, ndili mayi wa ana awiri. Kwathu ku Dedza tinkangoiona pazithunzi za m'mabuku a kusukulu. Kuno ndinkawaona mahatchi ndili m'basi popita kuchipatala kumene ndimagwira unesi: amawangamawanga, amiyendo yaubweya, atamangidwa ndi tcheni pakapinga m'mbali mwa msewu ngati mbuzi. Ndinkati koma azungu! Chinyama chonsechi osachidya, osalimira, nchachiyani?

Ndiye Mulungu ali ndi nthabwala zake. Anandipatsa mwana wamkazi wopenga ndi mahatchi.

Chisamba changacho chinayamba ndi zidole. Pofika zaka khumi ndi ziwiri, khoma la kuchipinda kwake silinkaonekanso penti, zithunzi zokhazokha za akatswiri okwera mahatchi. Ankawadziwa onse, mayina awo, mayina a mahatchi awo, amene anagwa pampikisano wakuti, amene anathyoka phewa n'kukweranso chaka chomwecho. Tikamadya ankatiuza zimenezi m'Chingerezi chake chothamanga, ine ndikumuyankha m'Chichewa kuti, "Iwe, anthu amenewa ndi mapeshenti anga. Ndimawaona kuwodi atamangidwa pulasitala." Mayina a azakhali ake a ku Dedza akusokoneza mpaka lero, koma ufunse hatchi imene inawina zaka iye asanabadwe, akuuza ndi mtundu wa ubweya womwe.

Pakati pa zithunzi zonsezo panali chimodzi chachikulu, pamwamba penipeni pa bedi. Mayi wina woonda, ali m'malere pahatchi yakuda, akudumpha mpanda wotalika kuposa ine. Mwana wanga ankamukonda mayi ameneyu chifukwa sanabadwire pachuma. Anakulira m'mafulati a m'tauni, ankakolopa makola a anthu kuti amulole kukwera, mpaka anadzavala mamendulo. Akati, akati, zonse zinali za iyeyo. Ine ndinamupatsa dzina loti amayi ako a pakhoma. "Pita ukawauze amayi ako a pakhoma akuphikire." Ndinkanena moseka, koma ndisaname, kansanje kanalipo. Ine wodzuka mdima kukakwera basi m'chisanu sindinakhomedwepo pakhoma la munthu.

Loweruka lililonse bambo ake ankapita naye kukhola lina la mahatchi kunja kwa tauni, komwe ankawola ndowe m'mawa n'kuphunzira kukwera masana. Ine ndinali ndisanapiteko. Nthawi zambiri Loweruka ndinkakhala pa shifiti, ndipo ndikakhala pa ofu ndinkapeza chochapa. Zoona zake ndinkaopa. Ndaona misana yothyoka yambiri, sindinkafuna kuona mwana wanga ali pamwamba pa chinyama chimene sichimva Chichewa.

Tsiku lina analowa m'nyumba akukuwa, chikwama cha kusukulu chili kumsana. Amayi a pakhoma aja akubwera kukhola kwawo! Adzakhala masana amodzi okha, ndipo ana ochepa asankhidwa kuti adzakwere iwo akuona, aliyense payekha, n'kumuwongolera. Mwana wanga anali m'gulumo. Usiku umenewo chakudya sanachikhudze.

Loweruka limenelo bambo ake anali ndi shifiti ku weyahausi, kosungira katundu, ku Walsall yomwe inakanika kusintha, ndiye wopita naye anali ine. Ndinayamba kuganiza ngati mayi wa ku Dedza. Pakhola ponsepo mwana wakuda anali iye yekha. Kudzakhala anthu, kudzakhala mafoni akujambula, kudzakhala munthu wamkulu. Kwathu mwana sapita kukaonana ndi munthu wamkulu mutu uli nyankhalala. Masiku onse ndinkangomuluka mizere yogona, yachangu, ya kusukulu. Ndinati ayi, ulendo uno aone kuti mwanayu ali ndi mayi ake.

Ndinaitana mnzanga wa kutchalitchi, wa ku Chipata, amene amasamalira okalamba ku Walsall koma manja ake pa tsitsi ndi ena. Lachisanu ataweruka kusukulu tinamukhazika mwana pansi, mapaketi a meshi ali mbwee pampando.

"Mum, chipewa," anatero. Amanena chipewa cholimba chija amavala akamakwera. "Sichilowa."

"Akupatsa chachikulu. Khala bwino."

"Mum, sizitero."

"Iwe, ukudziwa zambiri kuposa ine? Weramitsa mutu, anti ako ayambe."

Analira pang'ono, ine n'kumati ndi ululu wa kukoka. Mnzanga uja analuka timikuti ting'onoting'ono, tambirimbiri, totsika mpaka m'chiuno, n'kutisonkhanitsa pamwamba ngati nkhata. Pomaliza mwana anali chiphadzuwa. Ndinamujambula n'kutumiza chithunzi kwa agogo ake, iwo n'kuyankha ndi nthungululu pafoni.

Kukhola tinafika nthawi yabwino. Fungo lake, abale! Ine ndinali nditavala nsapato za kutchalitchi. Mayi wophunzitsa, wamfupi, wa masaya ofiira ndi mphepo, anatichingamira. Iyeyu aliyense amamuitana kuti bab, kadzina kachikondi, monga amachitira anthu akuno, kaya ndi mwana kaya ndi nkhalamba. Anayang'ana mutu wa mwana wanga, kumwetulira kwake n'kuzima.

Anayesa chipewa cha mwanayo. Chinangokhala pamwamba. Tinamasula nkhata ija, timikuti n'kugwa kumsana. Osalowa. Anabweretsa chachikulu kuposa zonse, cha abambo. Chimenecho chinalowa, koma akachikankha ndi chala chinkapendama uku ndi uku, chipumi chili pamtetete.

"Pepani, bab," anandiuza. "Chonchi sakwera. Akagwa, chipewachi chivuka iye asanafike pansi."

Ndinafuna kukangana naye, pakamwa panga sipachedwa. Koma ndine nesi. Ndikudziwa mmene mutu wa mwana umaonekera ukamenya pansi. Mwana wanga sanakuwe, sanandinene. Anangoyang'ana kubwalo kumene mayi wa pachithunzi uja anali atayamba kale ndi mwana woyamba, misozi ikutsika yokha. Kukuwa kukanakhala bwino. Mtima wanga unasweka.

"Mumuike komaliza," ndinatero. "Muli ndi sizasi?"

Anandipatsa sizasi yometera mahatchi. Ndinamukhazika mwana pa mtolo wa udzu kuseri kwa khola, n'kuyamba kudula meshi m'munsi mwa pamene tsitsi lake lenileni lathera. Ntchito yonse ya mnzanga ya dzulo madzulo inkagwa pansi ngati zingwe. Koma kudula ndi kosavuta. Chotsala chinali kumasula kamkuti kalikonse, kamodzikamodzi, ndipo mnzanga uja akaluka amaluka zoti zikhale miyezi. Kubwalo anthu anaomba m'manja, mwana woyamba wamaliza. Ine ndinali ndisanamalize ngakhale kuseri kwa khutu limodzi.

Apa ndiyenera kunena za lamulo la m'nyumba mwathu. Mwana wanga ali wamng'ono, anzake a kusukulu ankakonda kumugwiragwira tsitsi ngati kagalu. Ndinapita kusukuluko ndipo anandidziwa. Kuyambira pamenepo ndinamuuza kuti mutu wako asaugwire munthu, kupatula ine ndi anti ako. Ndiponso pali za mayi anga. Iwo ankati tsitsi silisiyidwa pansi. Wina akhoza kulitola n'kukakuchitira zoipa, kapena mbalame ikamangira chisa, mutu wako sudzasiya kupweteka. Ndine wa chipatala, ndine wa Mvano, koma mpaka lero tsitsi la pachipeso ndimalikulunga m'pepala ndisanalitaye. Musandifunse chifukwa.

Ndiye nditakweza maso ndinapeza azimayi atatu aima patsogolo pathu, makolo a ana ena, majombo ali matope okhaokha. Mmodzi anali ndi kachipeso kachitsulo m'manja.

"Tingathandize?" anafunsa. "Ife timaluka mahatchi pakhosi tikamapita kumpikisano, n'kumasulanso madzulo. Zala zinazolowera. Koma ngati simukufuna, tikumvetsa."

Mahatchi! Mwana wanga akumuyerekeza ndi hatchi? Mawu anali atafika kale pakhosi. Mwana anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanapemphe. Lamulo ankalidziwa, ndipo ankadikira kuti mwini lamulo anene. Kubwalo anaombanso m'manja.

"Bwerani," ndinatero. "Koma osakoka. Muyambire kunsonga, muzikwera pang'onopang'ono. Chonchi."

Anagwada m'matope momwemo. Ndinawaonetsa kamodzi kokha, ndipo kunena zoona manja awo anali achangu kuposa anga. Wina anathamanga kukatenga mafuta. Wina ankangoti pepa bab, pepa bab, pa kamkuti kalikonse. Panabweranso agogo ena aamuna, osadziwa n'komwe kumasula, ntchito yawo inali kuima pakona n'kumatiuza amene walowa m'bwalo. Manja asanu ndi atatu m'mutu mwa mwana wanga, asanu ndi limodzi a anthu amene sindinkawadziwa ngakhale mayina. Ndinkawayang'anitsitsa ngati mphamba, koma palibe anaseka, palibe ananena kuti ha, tsitsi lake lili ngati chakuti. Ankangogwira ntchito.

Agogo aja atati watsala mwana mmodzi, ife tinali titatsala ndi kachigawo ka pankhongo. Tinamaliza mothamanga. Tsitsi linaima lonse, lofufuma, lodzaza tizidutswa ta meshi. Ndinalipaka mafuta, ndinaligawa pakati, n'kuluka mizere iwiri yogona, yokhota, yonyansa kuposa ina iliyonse imene ndinalukapo. Mphunzitsi anabwera ndi chipewa cha mwanayo. Chinalowa kuti khwatsa. Anachikankha ndi chala, osasuntha.

"Thamanga, bab!"

Anathamanga osacheuka, azimayi aja pambuyo pake. Ine ndinatsala ndekha kuseri kwa khola, ndipo nditayang'ana pansi ndinazizidwa. Tsitsi linali paliponse. Meshi wosakanikirana ndi lake lenileni lothothoka, pa udzu, m'matope, lina mphepo ikulikokera kumpanda. Pamwamba, pansi pa denga la khola, timbalame tinkalowa ndi kutuluka. Ndinatulutsa jumbo m'chikwama n'kugwada. Ndinkamva mawu a mayi anga m'khutu. Ndinatola dzanja limodzi, lachiwiri, ndiye kubwalo ndinamva akutchula dzina la mwana wanga.

Tsitsi linali lisanathe ngakhale theka. Ndinayang'ana jumbo, ndinayang'ana timbalame tija. Ndinati mayi, mundikhululukire, ngati ndi mutu uwawe wanga. Ndinaisiya jumbo pomwepo n'kuthamanga, nsapato za kutchalitchi zikumira m'ndowe.

Ndinafika pampanda ndili wefuwefu. Amayi a pakhoma anali pakati pa bwalo. Anali aafupi kuposa pachithunzi, tsitsi la imvi, akuyenda motsimphina. Ine ndi diso la ntchito ndinaona kuti chiuno chimenecho chinachitidwapo opaleshoni. Ndipo uko, pamwamba pa hatchi yofiirira, yaitali ngati khomo, panali mwana wanga. Msana uli chilili. Kamwana kamene ndimakakalipira chifukwa chosatsuka mbale kankatembenuza chinyama chonsecho ndi tizala take, chinyamacho n'kumamvera. Sindinkadziwa. Zaka zonsezi ndinkachapa mabuluku onunkha, osadziwa kuti akuchita zimenezi.

Mwana analunjika pa mtengo wodumpha. Ndinagwira mpanda ndi manja onse. Hatchi inanyamuka, mwendo wakumbuyo n'kugunda mtengo, mtengo gwa! Ndinakuwa kuti mayo, anthu n'kutembenuka. Mwana sanagwe. Mayi wa pachithunzi uja anapita n'kukagwira chingwe cha hatchi, n'kumulankhula motsitsa, mawu ochepa, akuloza maso ake kenako kutsogolo. Anabwezeretsa mtengo yekha n'kubwerera m'mbuyo.

Mwana anazungulira n'kubweranso. Ulendo unonso sindinatseke maso. Hatchi inauluka bwinobwino, osakhudza kanthu, n'kutera mbali inayo mwana ali pomwepo pachishalo. Nthungululu inangotuluka yokha. Hatchi ina pafupi nane inadzidzimuka, mphunzitsi n'kundiyang'ana ndi diso, koma azimayi a majombo aja anali akuseka, wina akundisisita pamsana.

Pobwerera m'basi anthu ankatitalikira chifukwa cha fungo. Mwana anakhala pambali panga, chipewa chili pamiyendo, mizere yanga yokhota ija itayamba kale kumasuka. Ndinkadikira kuti ayambe: akuti chakuti, anandigwira dzanja, anandiuza zakuti. Ndinali nditakonzeka kumva za amayi a pakhoma mpaka Khirisimasi.

"Anakuuza chiyani?" ndinafunsa nditatopa kudikira.

"Akuti ndisamayang'ane mtengo. Ndiziyang'ana kumene ndikupita."

Basi inaima, inanyamukanso. Kenako mwana anatsamira paphewa panga, n'kufunsa m'Chichewa chake chopindika chimene amachisunga ngati chovala cha pa Khirisimasi.

"Amayi, munaona?"

"Ndinaona, mwanawe," ndinatero. "Kawiri konse ndinaona."